Timadontho ta pa Foni ya a Harris

Vivian Nyendwa anabwerera ku Mfuwe atagwira ntchito zaka zinayi ku Lusaka. Anthu ambiri ankaganiza kuti ntchito inamuthera, chifukwa tsiku lonse ankangobindikira m'kachipinda kake kuseri kwa msika, maso ali pa laputopu. Koma ntchito inalipo. Iye ndi anzake atatu, awiri a ku Lusaka ndi mmodzi wa ku Kitwe, ankasamalira laibulale ya tizipangizo ta mapulogalamu a pafoni: mabatani, timabokosi tolembamo, kalendala yosankhirapo tsiku ndi tizizindikiro tina ndi tina. Munthu wofuna kupanga apu sankavutika n'kuyamba zonsezi payekha. Ankangotenga laibulaleyo pa intaneti n'kumangira apu yake, monga mmisiri amene amagula zitseko ndi mafelemu opangiratu m'malo mopala yekha matabwa.

Lachisanu lina la mwezi wa Okutobala, nthawi imene chigwa cha Luangwa chimatentha mpaka mbuzi kusowa pogona, Vivian anamaliza mtundu watsopano wa laibulaleyo. Anagwirizana ndi anzake kuti autulutse mawa lake pa fotini awazi, 2 koloko masana. Koma iye anali ndi lamulo lake. Asanatumize chilichonse kunkhokwe ya pa intaneti kumene anthu ena amakatenga, ankayamba wamanga phukusi lonse pa laputopu yake, n'kulilowetsa mu apu yeniyeni, apuyo n'kuipereka m'manja mwa munthu. Mapulogalamu oposa makumi awiri ankadalira laibulaleyo, ndipo cholakwika chimodzi chikanatuluka, chikanalowa mwa onsewo.

Apu imene ankayeserapo inali ya alimi ndi masikauti a m'midzi oteteza nyama zakutchire, youzirana kumene kwaoneka njovu. Woyesa naye sankasowa. Anali bambo ake omubereka, a Harris, amene anagwira usikauti zaka makumi atatu ndi chimodzi asanapume. Zala zawo zinali zikuluzikulu, zokhakhala ngati khungwa la mtengo wa tsanya. Batani limene zala zimenezo zalidina osaphonya, Vivian ankadziwa kuti aliyense alidina.

Loweruka m'mawa anapalasa njinga kupita kwa makolo ake, pafupi ndi kampu ya masikauti, laputopu ili m'chikwama kumsana. Anapeza amayi ake, a Dolly, atayala tsabola pamphasa, akusankha wakupsa woti asinje. Tsabolayo ankamusakaniza ndi oyilo wakutha n'kupaka pazingwe zozungulira munda kuti njovu zisalowe. A Harris anali pampando pansi pa mtengo wa mango, atavala kale magalasi awo owerengera.

"Mwadzuka bwanji, Atate? Amayi, mwadzuka?"

"Tadzuka, mwanawe," anayankha a Dolly. "Awa adzuka tambala asanalire. Akuti lero ali ndi mayeso."

"Si ine ndili ndi mayeso," anatero a Harris. "Woyesedwa ndi uyu. Ine ndine wochonga. Bwera nazo kuno."

Vivian anakhala pakampando, laputopu pamiyendo. Analemba lamulo lomangira laibulale, mizere inathamanga pasikirini, pomaliza panatuluka fayilo imodzi, phukusi lonse lili mmenemo. Kenako anamanga apu ya njovu ija, nalumikiza foni ya bambo ake ndi chingwe, naiyikamo.

A Harris anatenga foniyo ndi manja awiri, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Paja unati mabatani wawakulitsa?"

"Eya, Atate."

"Ndiye akula m'maloto. Awa ndi omwe aja a mwezi watha."

Vivian anasuzumira. Zinali zoona. Anabwerera pa laputopu, nafufuza, kenako anadziguguda pamphumi. Apu ija sinatenge phukusi latsopano la mu laputopu. Inapita kukatenga lakale la pa intaneti, chifukwa iye anaiwala kusintha mzere umodzi woiuza kokatenga.

"Ndiye kuti wandibweretsera mbewu ya chaka chatha m'thumba latsopano," anatero a Harris, akuseka chamumtima.

"Ndalakwa, a wochonga."

Anakonza mzerewo, nafufuta zakale zonse zimene kompyuta inasunga, namanganso. Ulendo uno mabatani anatuluka aakulu bwino. A Harris anawadina limodzilimodzi, nagwedeza mutu. Kenako ananyamuka n'kukaima pabwalo, padzuwa penipeni.

"Sikauti sagwira ntchito pakhonde," anatero. "Chinthu chizioneka kuno."

Zilembo zinaoneka. Koma anapeza batani lina limene mawu ake anaduka, m'malo mwa "Tumizani lipoti" panangolembedwa "Tumizani lip". Anamufunsa Vivian ngati lip ndi mtundu wa nyama yatsopano. Vivian anaseka, nalemba m'kabuku kake kuti batanilo lizitambasuka mawu akatalika, popeza mawu a Chinyanja sapanikizika ngati a Chingerezi.

Chimene Vivian ankanyadira kwambiri mu mtundu watsopanowo chinali mndandanda wa madera. Kale, pambali pa dzina la dera pankalembedwa mawu akuti "Chenjerani" kapena "Kuli bata". Iye anaona kuti mawuwo ankadzaza sikirini, ndiye anawachotsa n'kuikapo timadontho: kofiira kutanthauza kuti kuli njovu, kobiriwira kutanthauza kuti kulibe. Anzake onse anayamikira kuti zaoneka zaukhondo.

"Tsopano tiyerekeze, Atate," anatero. "Mukufuna kunyamuka panjinga. Kadontho kofiira ndiye kuti kuli njovu. Ndiuzeni kumene simungapite."

A Harris anayang'ana foni. Anaiyandikitsa kumaso, naitalikitsanso.

"Nkwali," anatero, kutchula dera limodzi pamndandandawo.

Vivian anatenga foniyo. Kadontho ka pa Nkwali kanali kobiriwira. Kofiira kanali pa Nsefu. Anaganiza kuti mwina mndandanda wasuntha pamene amawapatsa. Anasintha madontho pa laputopu, nawapatsanso.

"Nanga pano?"

"Ndi dzuwali," anatero a Harris, nabwerera pamthunzi. Anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, nawavalanso. Analoza dera lina. Analakwitsanso.

Vivian anayamba kukayikira phukusi lake. Mwina mitundu yasokonekera pomanga, mwina foni ya bambo ake yaonongeka sikirini. Anatulutsa foni yake, naikamo apu yomweyo, naziika pamodzi. Zonse zinali chimodzimodzi, madontho ofiira ndi obiriwira owala bwinobwino.

"Atate, yang'anitsitsani. Aka ndi aka, kofiira ndi kati?"

A Harris anayang'anitsitsa. Chala chawo chinangoyandama pamwamba pa sikirini, osatsika. Vivian anali asanaonepo dzanja limenelo likuzengereza.

A Dolly anasiya kusankha tsabola. Anapukuta manja pachitenje, nalankhula motsitsa mawu.

"Muuzeni mwanayo, atate ake Vivi. Wakula. Ntchito munapuma, akuchotsani ndani?"

A Harris anaika foni pabondo.

"Timadontho takoti," anatero pang'onopang'ono, "kwa ine ndi tamtundu umodzi. Chimene anthu mumati chofiira ndi chimene mumati chobiriwira, ine ndimaona ngati ana a mimba imodzi. China chimangoderako pang'ono. Ndinabadwa choncho."

Vivian anayang'ana bambo ake. Anakumbukira tsiku lina ku Chipata, akukonzekera mwambo womaliza maphunziro, atanyamula madiresi awiri m'sitolo n'kufunsa bambo ake kuti agule lofiira kapena lobiriwira. Iwo anayankha kuti, "Limene lili kudzanja lako lamanzere." Iye anangoti ndi kalankhulidwe ka abambo.

"Pepani, Atate," anatero. "Sindimadziwa. Ndakukakamizani katatu konse."

"Ukanadziwa bwanji? Wodziwa ndi mmodzi yekha, ndi uyo wakhala apoyo."

A Dolly anaseka. "Ine ndinadziwa chaka choyamba cha ukwati. Amayi anga anawatuma kudimba kukathyola matimati akupsa. Anabwera ndi dengu lodzaza, theka lonse osapsa. Amayi anati mkamwini ameneyu ndi wamwano. Ine ndinawatengera kuseri kwa nkhokwe, ndiye anaulula, thukuta lili kamukamu. Anati ndikangouza munthu, usikauti wawathera. Kuyambira pamenepo chilichonse chofuna mtundu ndimasankha ndine. Ukuganiza kuti tsabolayu ndimasankha ndekha chifukwa chomukonda?"

"Nanga kuntchito sankayeza maso?" anafunsa Vivian.

"Anabwera kamodzi oyeza," anatero a Harris. "Anali ndi buku la timadontho, mkati mwake mobisika manambala. Ine ndinakhala kumapeto kwa mzere, khutu lili tcheru. Anzanga seveni anawerenga mokweza. Pofika ine n'kuti nditaloweza ngati katekisimu."

Onse atatu anaseka, koma Vivian kuseka kwake kunathera m'misozi. Anatsamira paphewa la bambo ake monga ankachitira ali wamng'ono. Iwo anamusisita kumutu kawiri, kenako anamukankha pang'ono.

"Basi, basi. Ntchito ikudikira."

Vivian anali ndi pulogalamu ina mu laputopu yoonetsa sikirini mmene amaionera munthu wosasiyanitsa mitundu. Inakhalamo zaka ziwiri osaitsegula. Tsiku limenelo anaitsegula, naikamo chithunzi cha mndandanda wake. Madontho onse anasanduka amtundu umodzi, ngati wa udzu wouma. Anaika chithunzi choyamba ndi chachiwiri pamodzi, nawaonetsa bambo ake.

"Kusiyana kwake n'kotani?" anafunsa iwo. "Si chithunzi chimodzi ichi?"

Nthawi inali itakwana leveni. Vivian anaimbira foni Boston, mnzake wa ku Lusaka amene ankayang'anira zotulutsa mitundu yatsopano ya laibulaleyo.

"Boston, lero sititulutsa."

"Iwe Vivian, tinalengeza kale. Anthu akudikira fotini awazi. Mayeso onse a pa kompyuta anadutsa, ndaona ndekha."

"Kompyuta inadutsitsa chifukwa tinaifunsa ngati kadontho kali kofiira. Sitinaifunse ngati munthu akukaona. Ndakutumizira zithunzi ziwiri, tsegula."

Kunamveka kudina kwa kiyibodi, kenako Boston anapuma mozama.

"Mayo. Ndiye apu ya njovu ikanatuluka chonchi?"

"Ya njovu, ndi ina iliyonse yogwiritsa ntchito timadonthoti. Munthu akanapalasa njinga kulowa pakati pa njovu foni ili m'manja."

"Wazitulukira bwanji?"

Vivian anayang'ana bambo ake. Iwo anakweza mapewa, ngati akuti zili kwa iwe.

"Ndili ndi woyesa wabwino," anatero. "Ndipatse mpaka Lolemba."

Atadula foni, anayamba kuganiza zobwezeretsa mawu akale aja. A Harris anakana. Anati mawu ndi abwino, koma alipo alimi ena amene kuwerenga kumawavuta, komanso munthu amene wamva njovu ikuthyola nthambi alibe nthawi yowerenga. Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi.

"Ife kutchire, tikagawana magulu, otsogola ankasiya zizindikiro panjira. Mtanda, ndiye kuti usadutse. Muvi, pitirira. Ngakhale mdima utayamba, umaona ndi kaumbidwe kake. Nanga iwe bwanji zonse wazipanga zozungulira ngati mazira?"

Vivian anajambula m'kabuku kake, nafufuta, najambulanso. Anagwirizana kuti chizindikiro cha ngozi chikhale cha makona atatu, chokhala ndi mtanda mkati, ndipo cha bata chikhale chozungulira, chokhala ndi kachongi. Mitundu anaisiya momwemo kuti owona aziona, ndipo pambali anabwezerapo liwu limodzi lalifupi. Anasinthanso laibulale yonse kuti wopanga apu asathe kuika kadontho kopanda kaumbidwe ngakhale atafuna. Zinamutengera maola atatu. Laputopu inatentha mpaka anaisanjika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. A Dolly anamubweretsera madzi a m'mtsuko ndi mbatata yophika, iye n'kumadya ndi dzanja limodzi.

Anamanganso phukusi, nayamba waonetsetsa kuti apu yatenga la mu laputopu, naiyika pafoni. Anasakaniza madera khumi.

"Nsefu, njovu," anatero a Harris asanakhazikike n'komwe. "Nkwali, bata. Uku njovu. Uku bata. Bata. Njovu." Anamaliza onse khumi osapunthwa, napereka foni monyadira. "Onjezera ena. Awa achepa."

Dzuwa litapendeka, panafika a Abson panjinga yawo yolira tcheni. Anali mnzawo wa a Harris wa kuntchito, amene anayenda nawo m'tchire zaka zoposa makumi awiri. Anabwera kudzatenga tsabola wa munda wawo.

"Mwaswera bwanji pakhomo pano? Kodi mwatsegula ofesi?"

Vivian anawapempha kuti nawonso ayese, ndipo anadutsa mosavuta. A Abson akubweza foni, a Harris anakhosomola, nakonza kolala ya malaya.

"Abson, khala pansi. Pali nkhani imene ndakubisira nthawi yaitali. Lero mwanayu wandigwira, ndiye bola umve kwa ine. Ine maso angawa sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira."

A Abson anawayang'ana, akudikira kuti apitirize.

"Nkhani yake ndi yomweyo?"

"Ndi yomweyo."

A Abson anaseka mpaka anagwira chishalo cha njinga kuti asagwe.

"Harris, Harris! Kampu yonse inkadziwa! Ukukumbuka njati ija inavulazidwa ndi opha nyama mozemba, tikuilondola mvula itangoyamba? Magazi ali mbwee paudzu wauwisi, iwe n'kumaponda pomwepo ukufunsa kuti yalowera kuti. Tsiku lomwelo tinapangana ndi anyamata kuti za magazi tizilondola ife, iwe tizikusiyira misampha."

"Misampha?"

"Nanga amene ankaona waya m'tchire kuposa iwe anali ndani? Ife tikudutsa, iwe uli, imani, apo. Timayang'ana, tikuona masamba okhaokha. Ndani akanakanena munthu wotero kwa akuluakulu? Ndipo tsiku la oyeza maso lija, ukuganiza kuti tinkawerenga mokuwa chifukwa dokotala anali wogontha?"

A Harris anakhala kukamwa kuli yasa. Anayang'ana a Dolly, nayang'ana Vivian, nayang'ananso mnzawo.

"Zaka zonsezi ine ndikuvutika kubisa, inu mukundionerera?"

"Unkabisa bwino kwambiri," anatero a Abson, akupukuta misozi. "Sitinafune kukukhumudwitsa."

A Harris anayesa kukwiya koma zinakanika. Anawatcha a Abson mfiti, nauza a Dolly kuti awapatse tsabola wosapsa yekhayekha.

Lolemba m'mawa, Boston ndi anzake ena aja atayesa phukusilo pa makompyuta awo, Vivian analitumiza kunkhokwe ya pa intaneti. M'mawu ofotokoza zimene zasintha analemba kuti zizindikiro zonse tsopano zili ndi kaumbidwe ndi liwu, osati mtundu wokha, ndipo anathokoza sikauti wina wopuma wa ku Mfuwe, osatchula dzina. Pasanathe ola, munthu wina wopanga apu ya sukulu analemba kuti mng'ono wake ali ndi vuto lomwelo, ndipo azitenga tsiku lomwelo.

Madzulo a tsikulo a Harris anafika kwa Vivian panjinga, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anati akufuna awaperekeze kumtsinje. Anapalasa limodzi kulowera cha ku Nkwali, nasiya njinga pamtengo, nayenda pansi mpaka pamene gombe la Luangwa linagumuka n'kusiya khoma lalitali la dothi. Khomalo linali lodzaza mauna, ndipo mbalame za fulagombe mazanamazana zinkalowa ndi kutuluka, zikulira.

"Ndaperekeza alendo pano kosawerengeka, mfuti ili paphewa," anatero a Harris. "Amafika n'kugwira pakamwa. Ine n'kumavomereza kuti eya, n'zofiira zedi. Tsopano ndiuze iwe, poti sungandinamize. N'zokongoladi?"

Vivian anayang'ana mbalamezo. Anafuna kunena kuti zili ngati makala a moto, koma anazindikira kuti makalawo bambo ake amawaona mwa njira yawo. Anayesa duwa, anayesa chitenje cha amayi ake, zonse n'kumathera pomwepo.

"N'zokongola, Atate," anatero pomaliza. "Zikauluka zonse pamodzi, zimakhala ngati mtima ukagunda mwadzidzidzi. Kupitirira apo sindingathe."

A Harris anagwedeza mutu, naonerera kwa kanthawi, manja ali kumbuyo.

"Kwa inenso si zoipa," anatero. Kenako anamugwira pamkono, natsitsa mawu. "Usasunthe. Yang'ana pansi pa chitsamba icho, tsidya, pamene pagwera muzu."

Vivian anayang'ana mpaka maso kuwawa. Ankangoona mithunzi ndi masamba ouma.

"Palibe kanthu, Atate."

"Dikira."

Anadikira. Patapita nthawi, mthunzi umodzi unagwedeza mchira, ndipo kambuku anadzuka, nadziwongola, natsikira kumadzi kukamwa.